Amene Anakweza Dzanja

Lachiwiri, 14 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kutupa. Mankhwala muzimwa mutadya. Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Mukudziwa kuti kufakitale kuno anabweretsa makina odula nsalu okha. Odula ndi sizasi, alamu anga amuna anuwo akutsogolera, anawakana makinawo, ntchito n'kuyamba kuyenda ngati nkhono. Bwana anandiitana poti ndine woyang'anira gawolo. Anati, "Anthu ako ali ndi mantha chabe. Asonkhanitse, anene zakukhosi, tiwathandize." Ndinafunsa kawiri ngati wolankhula sadzaona zovuta. Anagwira pamtima.

Ndinakonzekera monga anatiphunzitsira kukoleji. Mipando ndinaizungulitsa kuti pasakhale wamkulu, bwana ndinawakhazika kumbuyo. Koma anthu anangoti zii, maso pansi. Ndiye ndinayang'ana alamu. Anaseka, nati, "Mlamu, ine pakamwa ndimatsegulira chakudya basi." Ndinati, "Lankhulani, ndikuimirani ine." Anakweza dzanja. Ananena mwaulemu kuti makinawo amalumpha nsalu zoterera, ndiponso kuti anthu akufuna kudziwa ngati ntchito yawo ilipo. Atatero, ena anamasuka. Bwana ankangogwedeza mutu, mpaka anawomba m'manja.

Achemwali, anandigwiritsa fuwa la moto. Lachisanu aliyense amene anakweza dzanja anachotsedwa ntchito. Amene anakhala chete alipobe. Nditathamangira ku ofesi, bwana anati, "Wagwira ntchito yabwino. Tikanawadziwa bwanji ouma mitu?" Anandipatsanso mpando wa ndalema. Sindinaukhalepo.

Tsopano m'gawo langa ndikalowa, nkhani zimaduka. Ndikapereka moni amayankha makina.

Alamu akugonabe kuchipinda chakuseri kwathu kuno. M'mawa amasita malaya, n'kutuluka ndi sizasi yawo m'thumba kukafunsa ntchito kwa matelala. Akuti adzakuuzani akaipeza. Ndaona kuti si bwino inu kumangokhala osadziwa, koma chonde akabwera kumapeto kwa mwezi musawafunse, adzayambe okha. Ndipo musaganize kuti analakwa. Iwo anafuna kukhala chete.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze, magazi awo amakwera. Ana kuno akuti moni. Pano m'pamene alamu amandilanda cholembera n'kuikapo mawu awo okusekani. Ndasiya kalatayi patebulo kuyambira dzulo, cholembera pambali. Adutsapo, sanayang'ane.

Ndine mng'ono wanu.