Khanda la m'kaseti ya bambo

Okondedwa achimwene anga a Dalitso,

Muli bwanji ku Joniko? Ife kuno ku Chilomoni tili bwino, ndipo mayi miyendo yasiya kutupa.

Makaseti a malemu bambo aja ndawatulutsa m'sutikesi. Mtsikana wina wofufuza nyimbo zakale akuwakopera pa kompyuta, n'kumalemba woyimba ndi chaka chake. Kaseti imodzi inalibe chilembo chilichonse. Titayiika, tinamva bambo akuyimba gitala, khanda likulira chapafupi. Mayi anaseka mpaka misozi: "Ameneyo ndi Dalitso, mano akumera! Lembani chaka chimene ndinamubereka."

Chonde tumizani kaseti munatenga ija, musaumire. Mayi akuti amuna awo abwerere m'nyumba ndi nyimbo zawo zonse.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Tamanda