Nyundo ya Ababa Imveke ku Point

Point, Durban
Juni 2025

Okondedwa Amayi,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, komanso kuti bondo lija silikukuvutitsani poti kuzizira kwayamba. Iwe Fadila mlongo wanga, powawerengera Amayi usathamange ngati ukuthawa galu, ndipo usadumphe mizere. Ndimakudziwa.

Ine kuno ndili bwino, alhamdulillah. Utelala ku msika wa Warwick ukuyenda. Ndikadali pakona pomwe paja, pakati pa mayi wogulitsa chimanga chophika ndi siteji ya matakisi, ndipo zosoka sizikusowa. Kavuto kalipo ndi paipi ya chipinda chapamwamba yomwe ikudonthezera pa bedi la Kasim, mnzanga wa ku Ntaja amene ndimakhala naye. Mwini nyumba amangoti sharp, sharp, koma kubwera ayi.

Ndili ndi pempho limodzi, koma museke kaye ndisanafikepo.

Miyezi yapitayi kunabwera mayi wina wakonkuno, dzina lake Shirley. Sanabweretse chosoketsa. Anali ndi kachipangizo kojambulira mawu, ndipo anandipempha kuti ndizingopalasa makina iye azijambula kulira kwake. Ndinaganiza kuti mutu wake sukuyenda bwino, koma poti anapempha mwaulemu, ndinapalasa. Pochoka anati ndikafike Lamlungu masana ku nyumba ina yakale yosungiramo katundu pafupi ndi doko, ndikamve zomwe wapanga.

Tinapita ndi Kasim. Pakhomo tinapeza nsapato zili mbwee. M'kati anthu anali pansi pa mikeka, ena atazolika, ena atatsinzina, onse ali chete. Kumamveka kulira kwapansipansi ngati kochokera kutali, ndipo mayi wina pakona ankapukuta misozi. Amayi, inuyo mukanaganiza chiyani? Tinavula nsapato, tinayenda chowerama, n'kukagwada pamaso pa mayi uja poganiza kuti ndiye namfedwa. Ine amene ndimabisa Chichewa m'takisi ngati katundu wakuba, ndinaiwala zonsezo n'kunena pepani wathu yemweyu. Kasim anafunsa monong'ona m'Chizulu kuti watisiya ndani. Mayiyo anatiyang'ana modabwa, n'kutiuza kuti palibe wamwalira, nyimbo yangomukhudza mtima. Shirley anachita kuthawira panja kuti akaseke bwino.

Eetu, akuti imeneyo ndi nyimbo. Ng'oma palibe, woimba palibe, kuvina kulibe. Amajambula phokoso la m'tauni muno, hutala za sitima padoko, mawilibala a onyamula katundu, mafunde, n'kuziika mu kompyuta. Kenako amazikoka, kuzichedwetsa ndi kuzisanjikiza mpaka osazindikira kuti chinayamba n'chiyani. Pali bambo wina amene amaliza waya womanga pa thabwa, nkhope ili siriyasi ngati dokotala. Simungawamve pa wailesi anthu amenewa. Aliyense ali ndi ntchito yake m'kati mwa sabata, izi amangochita chifukwa chozikonda. Tsiku lomwelo ndinamva makina anga omwe ndimawatukwana tsiku ndi tsiku akumveka ngati mvula yoyamba pa malata, ndipo ndinachita manyazi ndi m'mene ndinakondwera.

Kasim anasiya kupita, akuti paipi yake ija imaimba bwino kuposa zimenezo. Ine ndimapitabe. Musade nkhawa, mowa kulibe, timangomwa tiyi, ndipo nthawi ya swala ikakwana ndimatuluka popanda wondifunsa. Onse akudziwa kuti ndine wa ku Malawi, moti anandipatsa dzina loti Pepani. Mu Durban yense muno ndi malo okhawo omwe ndimakhala pansi osayang'anayang'ana kukhomo. Ndikusangalala, Amayi, sindikubisirani.

Tsopano pempho lija. Mukukumbuka kuti Ababa sankadziwa kuzimitsa foni akamatumiza uthenga wa mawu. Chaka chatha asanadwale ananditumizira moni, kenako anangoika foniyo pa benchi n'kupitiriza ntchito yawo pashedi paja ku Liwonde. Zonse zinajambulika. Nyundo ikumveka ikumenya lata pa chitsulo cha njanji chija, katatu mofulumira kenako kamodzi mwamphamvu, monga ankachitira akamapinda mkombero wa ndowa. Akumveka akung'ung'udza kuti malata amasiku ano ndi opyapyala ngati pepala. Chakumapeto mukumveka inuyo mukuwaitana kuti asiye kaye adye, iwo n'kuyankha kuti akubwera, yatsala imodzi.

Uthengawu sindinamuyatsirepo munthu mpaka tsiku lina pomwe ndinamuyatsira Shirley. Ataumva, anafunsa ngati ndingalole kuti tiukonze limodzi, udzamveke Lamlungu lina mwezi wamawa. Akuti sawonjezera zambiri, nyundoyo izingoyenda yokha, makina anga osokera akuiyankha pansipansi. Ndinamuuza kuti mawuwo si anga ndekha, kwathu kuli eni ake, ndipo sindingawatulutse pagulu iwo asanalole. Anamvetsa, ndipo akudikira.

Ndikudziwa kuti mwina zikuvutani. Mwina muti mawu a munthu amene anapita kwa Mulungu si oti alendo azimvera akumwa tiyi. Mwina simufuna kuti mawu anu amveke kwa anthu osakudziwani. Ngati mukufuna kufunsa kaye Amjomba kapena a shehe, funsani. Mukakana, ndikana, ndipo sindidzawiringula. Uthengawo udzakhala m'foni mwanga monga wakhalira.

Koma ndinene zomwe zili mumtima. Ababa atamwalira mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke, ndipo mukudziwa kuti ndikanawoloka malire sindikanabwereranso. Tsiku lomwe munkawaika m'manda ine ndinali pa makina, ndikupinda buluku la munthu, matakisi akuimba hutala m'khutu mwanga. Pa sadaka yawo sindinakhaleponso. Mapemphero a dua ndimawachitira, koma sindinakhalepo pansi pa mkeka pamodzi ndi anthu chifukwa cha iwo. Palibe anandigwira dzanja kupatula Kasim. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

M'nyumba ija anthu amadziwa kukhala chete, Amayi. Amavula nsapato, amazolika, ndipo palibe amene amafulumira kupita kwawo. Tsiku loyamba ndinakapepesa pomwe panalibe maliro. Mukalola, tsiku limenelo ndidzakhala kutsogolo, ndidzawauza dzina la Ababa ndi ntchito yawo m'Chichewa, wina amasulire, ndipo namfedwa yemwe ndinkamufunafuna uja adzapezeka.

Mundiperekere moni kwa Amjomba ndi akazi awo, kwa azakhali ku Ulongwe, kwa achimwene Said ndi alamu, komanso kwa Zulfa amene ndamva kuti wayamba kuyenda. Kasim akuti moni wambiri, ndipo akuti mumupempherere paipi.

Iwe Fadila, yankho usalembe wekha ndi mawu ako. Uwajambule Amayi pa foni, anene okha, kaya avomera kaya akana. Ndipo ukaiwala kuzimitsa, foni n'kujambula nkhuku, mbale ndi Amayi akukukalipira, usafufute chilichonse. Unditumizire momwemo.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu,
Shamsudin