Nsomba Yako ya ku Cavan

Coolock, Dublin
21 September 2025

Wokondedwa mwana wanga Tisungane,

Ndine bambo ako. Ndayamba ndi kudzitchula chifukwa papita nthawi, mwina kalembedwe kanga unakaiwala. Kodi uli bwanji ku Canada kumeneko? Nanga akazi ako, apongozi anga a Ellen, akudzuka bwanji? Ife kuno tilipo. Bondo lakumanzere ndi limene limandivuta kukazizira, koma kuntchito ndikupita, agogo a ku nursing home aja ndikuwasambitsabe. Amayi ako ali bwino ku Tyrrelstown kwa mlongo wako Sandra. Timaonana ku Misa Lamulungu, timapatsana moni, kenako aliyense n'kulowera kwake.

Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti kuchiwerenga kumakuvuta, ndiye uziwerenga mokweza, makutu ako achimva. Chingerezi changa n'cha kuntchito, ndipo mawu oti sorry ndimawanena ka twenty pa tsiku, ngakhale kwa munthu amene wandiponda ndi iyeyo. Anasukuluka, sangagwire ntchito imene ndikufuna lero.

Sandra anandionetsa chithunzi chako pafoni. Usamukalipire, ndinachita kumukakamiza. Uli m'boti, wanyamula chinsomba chachitali ngati mwendo wa munthu wamkulu. Koma ndevu zimenezo, abale! Amayi ako akuti ukufanana ndi malume ako, ine ndinati malume akowo bola amapesako.

Akuti nsombayo mumaitchula muskie, ndipo ndi mbale wake wa pike ya kuno. Ndinaonadi, kamwa lake ndi lomwelo, lophwatalala ngati la bakha. Koma chimene diso langa linafikira ndi bandeji pachala chako chachikulu. Unapisa dzanja m'kamwa, eti? Usadzaterenso. Mano a nsomba zimenezi ali ngati a mcheni wa kwathu ku Chiromo, ndipo ambiri amaloza m'kati, ukamakoka dzanja m'pamene amang'amba bwino. Gula pulayala yaitali yochotsera mbedza, uziyenda nayo m'thumba la jekete osati m'chikwama chimene chatsala kugalimoto.

Usaponyenso mbedza popanda waya kumapeto kwa chingwe. Twayini yekha imangomudula kamodzi, n'kuthawa ndi mbedza kukhosi, kukafera m'mabango pang'onopang'ono.

Chinanso, ikatsatira nyambo mpaka pafupi nawe koma osaluma, usafulumire kuvuula. Imika pang'ono, gwedeza, imikanso. Zambiri zimaluma pomwepo, pamapazi pako penipeni. Kukazizira kwambiri pike ndi yaulesi, sithamangitsa kanthu. Pamenepo ipatse nsomba yakufa monga mackerel, igone pansi m'mbali mwa mabango, iwe ukhale n'kumadikira. Kaya muskie yanuyo imachitanso choncho, ukudziwa ndiwe.

Poinyamula nyowetsa manja, dzanja lina likhale pansi pa mimba. Pachithunzi paja unaigwira kumutu kokha, thupi lonse likulendewera. Zimaipweteka zimenezo.

Pano ndikudziwa kuti wayamba waima kuwerenga. Ukufunsa kuti mdala ameneyu zonsezi wazidziwira kuti, nanga iyeyo ndi ndani kuti azikuphunzitsa kusamala nsomba. Sukulakwa kufunsa. Tandilola ndikuuze.

Chaka chino n'chachisanu ndikuwedza pike. Palibe akudziwa, ngakhale amayi ako. Ndinayamba chaka chimene iwo anasamukira kwa Sandra, nyumba itandikulira. Tsiku lopuma ndinkadzuka, kumwa tiyi, kutsuka kapu imodziyo, kenako osadziwa kuti tsiku lonseli ndilitani. Tsiku lina ndinangolowa m'shopu n'kugula ndodo yowedzera. Ndimakwera sitima ya ku Maynooth, kutsika ku Leixlip, n'kumayenda m'mbali mwa canal, ngalande yaikulu ija, mpaka ndipeze poti ndikhale ndekha.

Miyezi seven yoyamba sindinagwire kanthu, olo kamodzi. Kufunsa azungu ndinkachita manyazi, ndiye ndinkangowaonerera patali ngati ndikuyang'ana abakha, madzulo n'kumaonera mavidiyo pafoni. Yoyamba inali yaing'ono, kutalika kwake ngati chigubu cha mkaka. Inandicheka pachikhatho, koma mbedza ndinaichotsa, nsombayo n'kuibweza m'madzi. Ine, Tisu, mwana wa msodzi wa ku Chiromo! Agogo ako akanandiona akanati Gervazio wapenga, mumumange.

Ndiye ndifike pa za ku Cavan. Unalipo, ukuzidziwa, koma sunandimvepo ndikuzinena mmene zinachitikiradi.

Unali ndi zaka sixteen. Kalabu yanu ya achinyamata owedza inaitana makolo ku kanyanja kena ku Cavan, kumayambiriro kwa March. Unandichonderera milungu iwiri kuti ndipite, chifukwa anzako onse ankabwera ndi abambo awo pamene iwe unkangokhala m'mbali mwa a Fintan, mkulu wa kalabu uja. M'minibasi unayesa kundifotokozera malamulo. Sindinamvere. Ndinakuuza kuti za nsomba usandiphunzitse, ine ndinakulira m'bwato.

Masana unakola pike yaikulu ija. Ndodo inapindika, unalimbana nacho mphindi zambirimbiri, anthu onse anasiya zawo kudzaonerera. Ndinanyada zedi tsiku limenelo. Mwana wakuda unalipo wekha pagulu lonselo, ndipo azungu akuluakulu ankatchula dzina lako, molakwitsa koma ankalitchula. Italowa m'kaukonde unandigwiritsa mpini wake, unati ndiisunge m'madzi momwemo, iwe uthamange ukatenge sikelo kwa a Fintan.

Utangochoka inayamba kuphiriphitha. Ndinaona ngati ithawa, ulemu wa mwana wanga n'kupita nayo. Kwathu nsomba yaikulu suinyengerera, umaimaliza isanakuchititse manyazi. Ndinaikokera kumtunda, ndinatola mwala, n'kuimenya pamutu katatu. Ndinadzuka ndikumwetulira, Tisu. Ndinkadikira kuti undithokoze.

Unabwerera ndi a Fintan, sikelo ili m'manja. A Fintan anagwada, anasisita mimba ya nsombayo, mazira akutuluka n'kumagwera pa udzu. Ananena motsitsa mawu kuti inali yaikazi, mwina ya zaka khumi, ndipo kuti lamulo sililola kupha pike yopitirira 50 cm. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira, bwenzi ndili ndi poyankhira.

Amene anakuwa ndiwe. Unandifunsa m'Chingerezi kuti ndachita chiyani, n'kunditchula dzina loipa pamaso pa anthu. Ndinakumenya mbama, chipewa chako n'kugwera m'madzi.

Zikanathera pomwepo mwina bwenzi titakonza. Koma ukundidziwa, ine ndikalakwa m'pamene makani amakula. Nsombayo ndinaikulunga m'jumbo yakuda n'kukwera nayo minibasi ya kalabu. Ulendo wonse wobwerera ku Dublin fungo lake linadzaza m'galimoto. Kunyumba amayi ako anakana kuiphika, ndiye ndinaiphika ndekha. Ndinalamula kuti palibe achoke patebulo iwe usanadye. Ndinati chakudya sichoseweretsa, kwathu anthu akugona ndi njala. Unadya ukulira, kenako unathamangira kubafa kukasanza. Sandra anali ndi zaka ten, ndipo akuti mpaka lero nsomba saifuna.

Kukalabu sunabwererenso. Ndodo zako unazipereka kwa anzako. Ndipo ine, m'malo mokhala chete, nkhaniyo ndinaisandutsa nthabwala. Pamapwando a Amalawi ndinkaifotokoza mokometsera, anzanga aja a Ignasio ndi ena n'kumaseka mpaka misozi, amvekere azungu ndi openga, amagwira ndiwo, kuijambula, n'kuibweza. Iwe uli pakona ndi mbale yako. Ndinkakuona bwinobwino. Koma anthu akamaseka ndinkamva ngati sindinalakwe, ndiye ndinkaibwereza chaka ndi chaka.

Kuchokera nthawi imeneyo yankho lako kwa ine linali fine Dad, basi. Unapita kukoleji ku Galway, kenako ku Canada, ndipo za ukwati wako ndinamvera kwa Sandra utachitika kale. Anthu akandifunsa kutchalitchi ndinkati dziko lino linakuwononga, ana okulira kuno sadziwa makolo. Linali bodza. Amayi ako anandiuza kangapo kuti ndikupepese, ine ndinkawayankha kuti bambo sapepesa mwana chifukwa cha nsomba. Anatopa nane, ndipo sindiwaimba mlandu.

Sindikunena kuti agogo ako ankalakwa kupha nsomba, ayi. Anatilera nazo, sukulu tinaphunzira nazo. Ngakhale lero ndikamabweza pike m'madzi kamtima kena kamati ndiwo izo zikupita. Koma ija sinali ndiwo. Chinali chinthu chako chimene unadzipezera wekha m'dziko la eni, malo amodzi amene anthu ankakudziwa chifukwa cha luso lako, ndipo unandiitana kuti ndidzaone. Zanditengera zaka zonsezi ndi maola ambiri pa canal kuti mutu wanga woumawu uchimvetse.

Ndinalakwa, mwana wanga. Za mwala uja ndinganene kuti sindinkadziwa, ngakhale unayesa kundiuza. Za mbama ndinganene kuti ndinapsa mtima. Koma patebulo paja ndinkadziwa chimene ndikuchita, ndinkafuna ugonje, ndipo zinali nkhanza. Pepa, Tisungane. Undikhululukire.

Mwezi wa February chaka chino ndinakola yaikulu. Sindinaiyeze, sikelo ndilibe, koma siinasiyane kwambiri ndi yako ija. Kunali kamvula kaja kosatha, zala zitauma ndi kuzizira. Ndinaichotsa mbedza ili m'kaukonde, ndinagwada m'matope, n'kuigwira kumchira m'madzi mpaka mphamvu zitabwerera. Inakhala m'manja mwanga kanthawi ikupuma, kenako inapukusa mchira n'kulowa pansi pang'onopang'ono.

Osadziwa n'komwe, ndinatembenuka n'kukuwa dzina lako kuti taona. Kumbuyo kwanga kunali mayi wina ndi galu wake. Anandifunsa ngati ndili bwino, ndinati ndili bwino, anapitiriza ulendo wake. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa ndi kulira, munthu wa zaka fifty-eight. Ndimakusowa, Tisu. Kunyumba ndilibe woyankhula naye, kuntchito agogo aja amandiiwala ndikangotuluka m'chipinda, ndipo nsomba yaikulu ya moyo wanga ndinaigwira popanda woti n'kumuuza.

Tsopano pempho langa ndi ili. Sandra zinamupulumuka pakamwa kuti kumapeto kwa October ukubwera ku Dublin masiku anayi, kuukwati wa mnzako ku Skerries, ndipo uzigona ku Tyrrelstown. Anandiuzanso, atandiona nkhope, kuti unati ine ndisadziwe. Usaope, kumeneko sindibwera. Sindikudikirira ku airport, sindikutumizira azibambo a kutchalitchi kuti akatiyanjanitse. Zokukakamiza ndinazichita kale, ndipo ndinaona zotsatira zake.

Ndatenga off masiku anayi onsewo. Tsiku lililonse ndidzakhala pa canal ku Leixlip, ukatsika sitima pa Louisa Bridge n'kuyenda pang'ono kulowera ku Maynooth, kuyambira eight koloko mpaka twelve. Sindikupempha kuti tikhale ngati palibe chinachitika. Ndikupempha ola limodzi. Ukafuna kungokhala chete, tidzakhala chete. Ukafuna kundikalipira, undikalipire m'Chingerezi momwemo, ndidzamvera mpaka umalize, ndipo manja anga adzakhala m'thumba.

Ngati sungathe, uza Sandra andiuze, sindidzakwiya ndipo sindidzakuvutitsanso ndi makalata. Koma usandisiye osadziwa. Kanjira kameneko kamadutsa anthu ambiri, othamanga, apanjinga, oyendetsa agalu, ndipo sindikudziwa ngati ndingapirire masiku anayi ndikutembenuka aliyense akamayandikira kumbuyo kwanga.

Undiperekere moni kwa a Ellen. Uwauze kuti apongozi awo aamuna alipo, ovuta ndithu koma alipo, ndipo amawapempherera ngakhale sanawaonepo. Moni kwa makolo awonso ndi onse amene akukusunga kumeneko. Ambuye akuyang'anire pamadzi ndi pamtunda, akufikitse bwino ku Dublin, kaya tionana kaya ayi.

Ndine bambo ako,
Gervazio