Loko Wanga Sachoka

Lolemba, 14 Okutobala

Mamota akale a makina opangira mapepala Nambala 3 tazula onse, alowa atsopano oyendera kompyuta. Amene ndinalimbikira zimenezi ndine, ndiye a Orville Zastrow, mkulu wa oyendetsa makinawo, sakundiyankha ndi moni womwe. Akuti ine, mkazi wokonza zamagetsi, ndikufuna kuwasinthanitsa ndi sikirini. Alankhule, pakamwa m'pawo.

Lachitatu, 16 Okutobala

Tayesa chingwe choimitsira makina pangozi, cha kumene pepala limakulungidwira. Ndakoka, mpukutu n'kumangozungulirabe ngati sunamve. Pomwepo m'pamene anyamata a Orville amapisa manja polowetsa pepala. Ndajambula pafoni, ndazimitsa swichi yaikulu, ndakolekapo loko wanga wofiira. Lamulo la pafakitale pano: loko wa munthu amachotsa mwini wake basi.

Lachinayi, 17 Okutobala

Bwana Vandehey, mkulu wa fakitale, anandiitanitsa. Akuti ndichotse loko, ogula mapepala atopa kudikira, kavuto ka pulogalamu aka akakonza makina akuyenda, ndipo ndiganizire ntchito yanga. Ndawauza kuti dzanja likaduka silimeranso. Kiyi wa lokoyo ali m'sokosi.

Mantha ndili nawo, ndisaname. Akandichotsa, m'tauni ino ya ku Wisconsin ntchito ina ndiipeza kuti?

Ku kantini a Orville amvekere: "Nyimbo unaiyamba wekha, vina." Anyamata kuseka. Ndinapsa mtima, ndinangowaponyera foni patebulo kuti aone okha. Anaonera vidiyo ija, kubwereza. Sangweji yanga ndakadyera m'galimoto.

Lachisanu, 18 Okutobala

Sindinagone bwino.

M'mawa ndakumana ndi bwana pamasitepe atanyamula chodulira zitsulo. Akuti alemba kuti ndasochetsa kiyi. Ndati lembani, koma mudule ndikuona. Ndawatsatira.

Kufika pa swichi paja, loko wanga osaoneka n'komwe. Maloko mbwee, wina kukolekedwa pa mnzake, aliyense ndi dzina la mwini wake. Gulu lonse la a Orville lili chilili, makapu a khofi m'manja. A Orville sanandiyang'ane, akuti makina angawo amadana nawobe mpaka mawa. Kenako anagwira loko wapamwamba.

"Yambani ndi wangayu, bwana. Wa mayiyu ali pansi penipeni."