Ubweya wa Bebi ndi Tsitsi la Mdzukulu Wanu

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko? Nanga bondo lija lasiya kutupa? Musamalimbane ndi ntchito zolemetsa, ana alipo. Ine ndili bwino ndipo ku saluni ntchito ikuyenda, zala zokha ndiye zimauma ndi kuluka tsitsi tsiku lonse.

Ndasankha kulemba chifukwa m'nyumba ya achimwene muno munthu sungayankhule momasuka pa foni. Alamu atsopanowa makutu awo ndi akuthwa.

Nkhani yake ndi ya galu. Musaganize za galu weniweni wouwa akuba ayi. Aka ndi kanthu kokwana m'chikwama, ubweya mpaka pansi, maso osaoneka. Tsiku loyamba ndinkayesa chokolopera, pang'onong'ono ndikanakaviika m'ndowa. Alamu amakatchula Bebi, ndipo akamakayankhula amadzitcha okha mami. Achimwene ndiye adadi ake. Inde Amayi, kuno muli ndi mdzukulu wa miyendo inayi.

Poti ine ndimadziwa za tsitsi, ntchito yokasamala inagwera ine. M'mawa ndisanapite ku saluni ndiyenera kukapesa, kuyamba ndi chipeso kenako bulashi yofewa, kumasula mfundo za kuseri kwa makutu ndi za m'khwapa pang'onopang'ono kuti bwanayo asalire. Ndikatero ndikapukute manthongo ndi thonje, ndikamange kariboni pamutu kuti kazitha kuona njira. Loweruka kamasamba ndi shampu wakewake, madzi ofunda ochita kuyesa ndi chigongono, n'kukaumitsa ndi makina ngati mkwatibwi. Ndi kumatako komwe ndimadulako ubweya ndi sizasi, apo ayi zonse zimakanirira. Pepani ndi mawuwo, koma ndi zimene manja anga akugwira. Kokayenda amene amapita nako ndi achimwene, ndipo kakadzithandiza iwo amawerama n'kutola ndi pepala la pulasitiki, anthu akuona. Munthu amene kwathu sankachotsa ngakhale mbale yomwe wadyera!

Zikanathera pamenepa ndikanangoseka n'kudzakusimbirani pobwera. Koma zafika pa mdzukulu wanu weniweni, mtsikana amene malemu alamu aja anatisiyira.

Mwezi wathawu kagalu kanayamba kudzikanda, ubweya n'kumathothoka pakhosi. Alamu analira ngati pachitika maliro, n'kuthamanga nako kwa dokotala wa ziweto. Iye anati ndi chipere, ndipo anawachenjeza kuti chimapatsirana pakati pa galu ndi anthu. Madzulo ake alamu anatifoletsa tonse n'kutiyendera m'mutu, ndipo anapeza kabala kakang'ono kuseri kwa khutu la mwana. Palibe anafunsa kuti wapatsira mnzake ndani. Anangogamula kuti mwana wabwera ndi uve wa kusukulu.

Mawa lake nditaweruka ndinapeza mwana ali mbuu, atametedwa mpala. Tsitsi lija Amayi, lofika m'mapewa, limene mayi ake ankalisamala mpaka tsiku lowagoneka m'chipatala. Ine ndinali nditangoliluka kumene Lamlungu. Anamutengera kwa wometa wa pamsewu osandiuza n'komwe. Nanga galuyo anamumeta? Ayi ndithu. Akuti ubweya wake ukametedwa sumeranso mokongola, ndiye tizingopatula bwinobwino n'kupaka mankhwala pabala pokhapo. Lumo ndi la mwana wa munthu.

Kuyambira pamenepo mwana amuchotsa kuchipinda kwake, akugona m'kachipinda kosungira katundu pafupi ndi khitchini. Pasofa saloledwa. Bebi akakhala pabalaza, iye azikhala kwina.

Ndinawapeza achimwene pakhonde, kagalu kali pamiyendo, akukapaka mankhwala ndi chala chaching'ono. Ndinawafunsa ngati awuona mutu wa mwana wawo. Anati tsitsi limamera, ndisakulitse nkhani.

"Nanga la galuyo silimera?" ndinatero.

"Tsitsa mawu iwe," anayankha osandiyang'ana. "Bebi amadzidzimuka ndi phokoso."

Amayi, ndinawayang'ana bambo wamkulu wa ndevu zake, ndinasowa chowatchula. Alamu anali atamva zonse pawindo. Anatuluka akumwetulira n'kunena kuti ngati malamulo a pakhomo pawo akundivuta, nyumba za lendi ndi zambiri m'tauni muno.

Mwanayo salira, ndipo chimenecho ndi chimene chikundiopsa. Kusukulu anzake akumutcha dzira, choncho m'mawa uliwonse akumati m'mimba mukupweteka. Amavala chipewa chakale cha bambo ake ngakhale pogona. Kagaluko sadana nako n'komwe. Ndikamakapesa amaima patali pakhomo n'kumandifunsa ngati bala lake likupola. Mtima wabwinowo anatengera mayi ake, chifukwa m'nyumba muno mulibe amene akanamuphunzitsa.

Pempho langa ndi limodzi. Sukulu ikatsekera mubwere mudzamutenge mwanayu azikakhala ndi inu. Ine ndayamba kale kufunafuna kachipinda kanga, chipeso cha galu ndatopa nacho, koma kusamuka n'kumusiya yekha muno sindingathe, ndipo kumutenga ine sangandilole. Inu achimwene sangakukanizeni maso ndi maso. Musawaimbire foni kuwauza za ulendowu, chifukwa alamu adzakonza nyumba ndi mawu omwe, mudzapeza mwana atamuveka diresi latsopano atakhala pasofa. Mungofika.

Ndinamufunsa mwiniwakeyo ngati angakonde kukakhala kwa agogo. Anavomera msangamsanga. Nditamufunsa ngati sadzawasowa adadi ake, anaganiza kaye, kenako anati adzawasowa, koma iwo sadzadandaula chifukwa ali ndi Bebi. Ananena mopanda mkwiyo, ngati akundiuza kuti kunja kukugwa mvula. Ndinalowa kubafa kuti asaone nkhope yanga.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi kwa bambo aang'ono. Mng'ono wanga mumuuze ayambe kukonza malo ogona, ndipo ana ake awalangiretu kuti mlendo akadzavula chipewa pasadzapezeke woseka.

Tsalani bwino Amayi, Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane pakhomo pano.

Ndine mwana wanu wamkazi,
Wachiwiri kubadwa