Ndowa Ziwiri za Madzi

Lolemba, 2 Juni

Malole ayamba kufika. Agumula wodi yakale ya chipatala, yansanjika ija, ndipo zigumu zonse akukhuthula pabwalo lathu. Fumbi lokhalokha, mpaka m'mano. A injiniya akuti ulendo uno sitigula miyala yatsopano, tigaya zigumu zomwezi n'kupangira konkire wa wodi ina. Koma tiyambe tayeza mphamvu yake. Akalephera, zonse zikatayidwa kudzala.

Wodi imeneyi anamanga ndi Bambo, zaka 41 zapitazo. Ine ndinabadwira momwemo, lero ndine kapitao woyang'anira kugaya kwake. Ndawauza nditaweruka. Achemwali anali atawatsamiritsa pamapilo, chifuwa chija sichikuwapatsa mpata. Angoseka n'kunena kuti makina athuwo aguluka mano.

Lachiwiri, 3 Juni

Tsiku lonse kusankha. Zitsulo uku, matabwa uko, pulasitala ndi magalasi pawokha. Njerwa a injiniya sakufuna kuona ngakhale imodzi. Tikungofuna konkire weniweni, wa m'zipilala ndi wa denga. Zipilala zina zikadali ndi penti wobiriwira uja.

Makina ogaya atsamwa kawiri. Bambo atamva anyadira mpaka kutsokomola. Akuti iwo analibe mapepala, ankangokanda konkire ndi chikhadabo asanalole kuchotsa matabwa. Mchenga ukayoyoka, gumulani. Nkhaniyi ndaimva kambirimbiri, koma lero ndawasiya amalize.

Lachinayi, 5 Juni

Tathira timabuloko toyezera tisanu ndi kamodzi m'zikombole zachitsulo. Tikhala m'thanki ya madzi masiku asanu ndi awiri, kenako akatipsinja pamakina mpaka titaphwanyika. Nambala yofunika ndi 17 kupita m'mwamba.

Pali kena kake. A injiniya ananena dzulo kuti miyala yogayayi tiinyowetseretu, chifukwa imamwa madzi, si ngati miyala yatsopano. Ine ndinaiwala, mutu unali pa mankhwala a Bambo. Ndiye lero konkire watuluka wouma gwa, fosholo kukana kulowa. Mdala woyendetsa mikisa, makina osakanizira konkire, wandiyang'ana, nanenso ndamuyang'ana. Ndathira ndowa ziwiri za madzi zomwe sizili papepala. Zaka 15 ndakhala ndikuyeza madzi ndi diso mmene anandiphunzitsira Bambo, ndipo palibe chinagwapo. Wafewa bwinobwino. A injiniya anali pafoni, sanaone.

Lamlungu, 8 Juni

Bambo afunsa katatu kuti kwatsala masiku angati. Chakudya angochilawa.

Lachinayi, 12 Juni

11. Kena 10 ndi theka. Timabuloko tangofumuka ngati mabisiketi.

A injiniya avula magalasi, apukuta, n'kunena kuti basi, konkire wakaleyo anali wofooka, amisiri akale ankamanga mongoyerekeza. Alemba kuti Lachitatu malole adzatute zonse kupita kudzala.

Ine zii. Mdala wa mikisa ankangoyang'ana nsapato zake. Kamwa langa lomweli, limene limatha kulalatira anthu khumi nthawi imodzi, lero linauma. Ndikudziwa bwino kuti madzi ochuluka amafooketsa konkire. Ndimaphunzitsa anthu ine.

Lachisanu, 13 Juni

Ndinafuna kunama kuti zotsatira sizinatuluke, koma Bambo nkhope yanga amaiwerenga ngati nyuzi. Ndatchula nambala. Auza achemwali kuti atuluke kaye.

Akuti tsiku limene ankathira denga la wodiyo, mvula inawagwera ali pakati. Abwana awo anati pitirizani, iwo anapitiriza, ndipo sanauzepo munthu, ngakhale Amayi. Zaka zonsezi akamadutsa pamenepo ankakweza maso kufunafuna mng'alu. Ine ndinkaona ngati akunyadira.

“Amayi ako anagona pansi pa denga limenelo, iwe uli pachifuwa pawo. Odwala angati anagonamo? Ndiye linali lowola.”

Ndinangogwira dzanja lawo. Za ndowa zija sindinatchule. Ndine wamantha, ndalemba pano kuti ndiziwerenga ndekha.

Lamlungu, 15 Juni

Achemwali andipanikiza kukhitchini kuti ndinawauza chiyani Bambo, chifukwa kuyambira Lachisanu atembenukira kukhoma. Mankhwala akulavula. Alamu abweretsa wailesi kuti amvereko mpira, akana. A dokotala akuti tiyambe kuitana abale akutali.

Ndikaulula, ukapitao watha. Akazi pakampani pano tilipo awiri okha, ndipo pali anthu amene adikira zaka kuti adzanene kuti tinkanena ife. Ndikapanda kuulula, Bambo apita akukhulupirira kuti anagoneka mkazi wawo ndi mwana pansi pa denga lowola. Chifukwa cha ndowa zanga ziwiri. Zikundidya mumtima, abale.

Lolemba, 16 Juni

Ndalowa mu ofesi ndisanavale n'komwe chipewa. Ndanena zonse, za kusanyowetsa ndi za ndowa. A injiniya sanakalipe, bola akanakalipa. Angofunsa kuti nanga Lachinayi lija ndinakhaliranji chete pamene iwo ankanyoza munthu wosalakwa. Sankadziwa kuti mmisiriyo ndi bambo anga, nditawauza agwira pakamwa.

Akuti ukapitao ndisiyire wina mpaka mabwana akambirane. Koma kuyeza kwachiwiri ndichite ndine, iwo ataimirira pomwepo. Malole awaimitsa. Tanyowetsa mulu wonse ndi paipi, taufunditsa matumba.

Nditaweruka ndinapita kukagwada pafupi ndi bedi, n'kuwauza Bambo kuti wolakwa ndine. Sanatembenuke n'komwe.

“Ukundinyengerera ngati mwana. Undibweretsere nambala.”

Lachiwiri, 17 Juni

Tathira timabuloko tina tisanu ndi kamodzi. Madzi pasikelo, osawonjezera ngakhale dontho. Konkire wayenda yekha bwinobwino, chikhala kuti ndinangomvera poyamba paja! Mdala wa mikisa akuti ndowa yanga ija waibisa kuti isandiyesenso. Ndaseka mokakamiza.

Ndafunsa ngati tingaphwanye kamodzi pakangotha masiku atatu. A injiniya akuti nambala yake Bambo sangaivomere, nawonso ndi mmisiri. Zoona. Masiku asanu ndi awiri, palibe chidule.

Lachinayi, 19 Juni

Kapitao watsopano wandituma kukasankha zitsulo. Ndapita. Anthu akunong'onezana, anong'onezane.

Loweruka, 21 Juni

Bambo asiya kulankhula. Madzi tikuwamwetsa ndi supuni. Azakhali afika ndi chikwama chachikulu, ndipo asanakhale n'komwe pansi ayamba kufunsa kuti suti ya Bambo ili kuti. Ndinatsala pang'ono kuwatulutsa, achemwali ndiwo ananditsina.

Ndapita kuntchito ngakhale sitigwira Loweruka, kukangoyang'ana timabuloko m'thanki. Tangokhala phee pansi pamadzi, tilibe nazo ntchito. Kwatsala masiku atatu.

Lolemba, 23 Juni

Akupumabe. Ambuye, tsiku limodzi lokha.

Lachiwiri, 24 Juni

Kabuloko koyamba 21. Kachiwiri 22. Makina anayamba alira kaye kasanasweke. A injiniya asaina pepala, andipatsa m'manja, ati thamangani, kachitatu tiphwanya tokha. Ndatola chidutswa chimodzi pansi. M'kati mwake mukuoneka miyala yakale ija, kamwala kena kali ndi kadontho ka penti wobiriwira.

Bambo ndawapeza maso ali otsegula pang'ono, kupuma kuli patalipatali. Pepala sakanatha kuwerenga. Ndawaweramira kukhutu.

“22, Bambo. Denga lanu linali bwino. Miyala yanu ikubwereranso kuwodi.”

Ndaika chidutswacho m'dzanja lawo. Kwa kanthawi palibe chinachitika, mpaka azakhali anayamba kusisima. Kenako chala chachikulu chinasuntha. Chikhadabo chinayamba kukanda, pang'onopang'ono, akanda pano, atembenuza, akanda apo. Tonse maso pansalu yoyera ija. Palibe mchenga unayoyoka.

Achemwali abwera ndi kansalu konyowa kuti awapukute manja. Ayesa kutambasula zala, Bambo afumbata zolimba. Tawasiya nacho.