Abu Nadim Wasiya Kuusa Moyo

Aphungu,

Ndine woimba kuno ku Aleppo, ndipo mukudziwa nokha kuti kwathu kuno woimba saimba yekha. Pamafunika wakhutu lakuthwa kutsogolo, woti ukakhotetsa bwino mawu iye ause moyo n'kunena kuti, "Aaa, bwereza." Wanga anali Abu Nadim, wosoka matiresi. Mkuluyu ankausa moyo ngati tayala lobooka, ndipo akatero mmero wanga unkatseguka mpaka woimba udi, gitala wa kwathu kuno, kuiwala zingwe zake.

Tsoka ilo, mwezi wathawu wakwatira. Akazi akewo, Mayi Nazmiye ogulitsa sopo, amusandutsa munthu wosangalala. Tsopano amakhala pampando wake womwe uja, mano onse pamtunda. Ndikamaimba za wokondedwa amene anandithawa, iye amagwedeza phazi. Ine mawu amangondikanirira pakhosi.

Ndayesa zonse. Ndinamukumbutsa za malemu mayi ake, iye anati, "Akupuma bwino amenewo, m'bale wanga, imwa tiyi." Ndinamubisira nsapato kumzikiti, anapita kwawo wopanda nsapato akuimba mluzu. Ndinapempha mlamu wanga kuti aziusa moyo m'malo mwake, koma amausa ndisanatsegule n'komwe pakamwa.

Lachinayi ndikukaimba pamaso pa akuluakulu odziwa kumvera nyimbo. Amenewa akangokhala chete n'kumamwa khofi, palibenso adzandiitane, ngakhale pa mdulidwe wa mwana. Ndili ndi mantha, Aphungu. Mkazi wanga Fadwa ndikamufotokozera amangousa moyo n'kubwerera kukhitchini. Kodi ndi tchimo kusokoneza banja la Abu Nadim kwa sabata imodzi yokha?

G.H., Aleppo

A G.H.,

Inde ndi tchimo, ndipo nsapatozo mubweze lero lomwe. Munthu wausa moyo zaka zonsezi kuti inu mutchuke, musiyeni aseke. Mlamu wanuyo mumuike pakhomo azilandira alendo.

Koma inu, khutu lanu lili bwino? Mwalemba nokha kuti Fadwa amausa moyo mukamayankhula. Katswiri ndi ameneyo. Amadziwa malo enieni ousira moyo, sachedwa, ndipo sukulu yake mwamuphunzitsa ndinu. Mwazungulira mzinda wonse kufuna chinthu chimene chili m'khitchini mwanu.

Yambani ndi kutsuka mbale, koma zochepa, kuopa angasangalale lisanafike Lachinayi. Kenako mumupemphe mwaulemu kuti adzakhale pampando wakutsogolo. Abu Nadim mumukhazike kuseri kwa chipilala, kumene mano ake sangakuthobweni m'maso. Mukafika poimba za mtima wonyalanyazidwa, muyang'ane mkazi wanu. Mmero udzatseguka, ndipo akuluakuluwo khofi adzawazizirira m'manja.

Koma samalani. Fadwa akati "Aaa" kunyimbo, bwerezani mawuwo. Akati "Aaa" kunyumba, musabwereze chilichonse, khalani pansi mufunse chimene chavuta. Mukapanda kutero adzapeza womuseketsa, ndipo Lachinayi linalo mudzaona mano a anthu awiri kutsogolo.